Tisanapemphe makompyuta ena, tiwotcherere benchi

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala kompyuta imene timajambulira mapulogalamu ku wailesi yathu inangozima pakati pa ntchito. Tinadina batani, zii. Fani osazungulira, kanyali osayaka. Mnzanga wina anati tiitumize ku Chipata, wina anati yatha imeneyi, tilembe kalata yopempha ina. Aliyense wokhala kuno kwa Pembamoyo akudziwa zimene mawu oti "tiitumize ku Chipata" amatanthauza: ndalama ya njinga yamoto, ndalama ya galimoto, bokosi kugwedezeka njira yonse, kenako kumangoimba foni kufunsa ngati ayamba kuiona. Patapita masiku 19 tinauzidwa kuti chinafa ndi power supply yokha, kabokosi kamene kamalandira magetsi a kukhoma n'kuwagawa m'kati mwa kompyuta. Tikanakhala ndi poyesera, tikanadziwa zimenezi m'mphindi 10.

Kuyambira pamenepo ndimanena paliponse kuti dera ngati lathu likusowa benchi yoyesera makompyuta kuposa mmene likusowera kompyuta ina yamphatso. Ena amaseka ndikatero, makamaka akaiona benchiyo, chifukwa ndi yonyansa ndithu.

Si benchi yokhalapo anthu. Ndi kafelemu kachitsulo kotseguka mbali zonse, kukula kwake ngati thireyi yoperekera tiyi, kokhala ndi mashelefu awiri. Pamwamba pamagona motherboard, m'munsi mumakhala power supply ndi hard disk. Chivundikiro palibe, mawaya onse ali poyera. Pa benchipo pamakhala zipangizo zimene ukudziwa kuti ndi zamoyo. Ukabwera ndi kompyuta yodwala, umazula RAM yake, kuibaya pa benchi, kuyatsa. Ikayaka, RAM ilibe mlandu. Umatenga power supply, kenako hard disk, chimodzichimodzi mpaka wolakwa apezeke. Zimenezi zimatheka ngakhale m'bokosi la kompyuta wamba, koma amene anayesapo kuzula ndi kubweza zinthu kakhumi m'kabokosi kothina, zala zikukalika ndi malata, akudziwa chifukwa chake anthu amangogonja n'kunena kuti yafa.

Mabenchi otere amagulitsidwa m'maiko a kunja, osalala bwino, a aluminiyamu. Yathu anatiwotcherera ndi amisiri amene amapanga mafelemu a zitseko ndi kukonza ngolo. Zitsulo zake ndi zotsala za square tube ndi angle bar.

Chimene chimachititsa kuti benchi imodzi ikwanire makompyuta ambiri ndi muyezo wotchedwa ATX, umene kampani ya Intel inakhazikitsa m'chaka cha 1995. Motherboard ya ATX ndi mamilimita 305 m'litali ndi 244 m'lifupi. Yocheperapo, microATX, ndi 244 mbali zonse, ndipo kakang'ono kotchedwa Mini-ITX ndi 170 mbali zonse. Zibowo za masikuluwu zinaikidwa mwakuti yaing'ono imakhala pamalo omwewo a yaikulu. Ife poyamba tinadzitenga anzeru: tinayeza zibowo ndi tepi, kulemba ndi choko, kuboola. Zitatu zinaphonya. Amisiri anayang'ana mabokosi a makompyuta akufa amene tinaunjika pakona, n'kundifunsa kuti, "A wailesi, kodi lata la m'kati umu silinaboledwe kale? Tikuvutikiranji?" Anadula latalo ndi chopukusira, kulikhoma pa felemu, nkhani inathera pomwepo. Ine ndi satifiketi yanga ya ku koleji sindinaganize zimenezo.

Pali kanthu kakang'ono kamene ndikufuna aliyense wofuna kutengera akamvetse, chifukwa ndi pamene anthu amaphera motherboard yamoyo. Kunsi kwa motherboard kuli timinga tambirimbiri ta mtovu wolumikizira. Timeneti tikakhudza chitsulo magetsi ali oyaka, basi, mwaotcha. Nchifukwa chake imakhala pa timiyendo ta mkuwa totalika pafupifupi mamilimita 6, timene timapezeka m'bokosi lililonse lakale. Kamwendo kazikhala pokhapo pamene motherboard ili ndi chibowo. Ukachotsa yaikulu n'kuika yaing'ono, werenga zibowo, werenga timiyendo, kotsala uchotse. Kamwendo kamodzi koiwalika pansi kamakwana kuwononga zonse.

Zina ndi zachidule. Kuwotcherera ndi kupukusa kuthe kaye, kutali ndi zipangizo, ndipo felemu ipukutidwe bwino, popeza ufa wa chitsulo umadutsa magetsi. Pakani penti kuti isachite dzimbiri, koma siyani chitsulo choyera pamene pamangidwa power supply ndi timiyendo tija. Pansi tinaikapo zidutswa za tayala kuti isatsetsereke pa tebulo. Makompyuta ambiri a kaunjika amene amafika kuno ndi a m'maofesi, a Dell ndi HP, ndipo ena mwa iwo satsata muyezo wa ATX: zibowo zili pena, pulagi ya magetsi ndi yosiyana. Amenewo timawagoneka pa kathabwa kouma pamwamba pa benchi n'kuwayesa ndi power supply yawoyawo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osapanga yonse ya matabwa, poti akalipentala ndi ambiri kuposa owotcherera. Mungathe, ndipo ndi bwino kuposa kukhala opanda. Koma thabwa limapindika nthawi ya dzinja, chiswe chimalipeza, ndipo sikuluwu ukaimasula kawirikawiri chibowo chimakula. Chitsulo chili ndi ubwino winanso: chimalumikizana ndi bokosi la power supply, lomwe limalumikizana ndi waya wa earth wa pa pulagi ya mano atatu.

Apa ndiye pali vuto lenileni, ndipo sindilibisa. Earth imagwira ntchito ngati soketi ya kukhoma ili nayo. Nyumba ndi mashopu ambiri kuno amayatsa ndi jenereta kapena inverter ya sola, mawaya awiri okha, ndipo zinachuluka kwambiri m'chaka cha 2024 pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo malaiti ankathima pafupifupi tsiku lonse. Pamalo otere ukagwira felemu yachitsulo umatha kumva kunyerenyetsa m'zala. Musazolowere zimenezo. Itanani wodziwa za magetsi akhome ndodo ya earth pansi musanayambe kugwiritsa ntchito benchi. Ndipo power supply isamatsegulidwe m'kati, chifukwa muli ma capacitor amene amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pulagi. Zotuluka kunja kwake ndi zochepa mphamvu: waya wachikasu ndi mavoti 12, wofiira 5, wa orenji 3.3. Kuiyesa ngati ili moyo, pa pulagi yake ya mano 24 mumalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda uliwonse. Fani ikazungulira, mumapima mavoti aja ndi multimeter. Ndi kuyesa kumeneku kumene kunatidyera masiku 19.

Ena amati fumbi la kuno lingaipha kompyuta yopanda chivundikiro. Zoona, mukaisandutsa kompyuta ya tsiku ndi tsiku. Benchi ndi yoyesera chabe. Tikamaliza timazula pulagi, kuiphimba ndi chitenje, kuika pamwamba pa kabati pamene ana ndi nkhuku sangafike.

Chifukwa chachikulu chimene ndikulembera zonsezi ndi masukulu. Phunziro la makompyuta linalowa m'silabasi yatsopano ya 2013, ndipo ambiri tikukumbukira 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso ogwira kompyuta: m'masukulu ena ana anadikira pamzere mpaka usiku chifukwa makina anali ochepa. Kuchokera nthawi imeneyo makompyuta akhala akubwera pang'onopang'ono, ena ochokera ku boma, ena kwa akufuna kwabwino. Chimene sichinabwere ndi munthu ndi malo owaonera akadwala. Pa sukulu ina, dzina ndisunge, ndinapeza makompyuta 14 m'chipinda chosungira katundu, pamodzi ndi madesiki othyoka. Aphunzitsi amaopa kuwatsegula poti ndi katundu wa boma, ndipo sindikuwaimba mlandu: ukatsegula chakufa kale, mawa akuti waononga ndiwe. Ahedi atavomera n'kulemba m'buku, tinabwera ndi benchi Loweruka. Makompyuta 6 anayaka tsiku lomwelo. Awiri RAM inangofuna kuzulidwa, kupukutidwa n'kubwezedwa. Imodzi inali ndi chisa cha mavu pa fani. Ina inafuna kabatire kozungulira ka CR2032, kofanana ndi ka m'masikelo ang'onoang'ono. Awiri otsalawo tinawaika ma power supply a anzawo amene motherboard zinapsa.

Ndipo makina akale achulukirabe. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sakwanitsa zofuna za Windows 11. Maofesi a ku Lusaka, Johannesburg ndi London akamataya, ena adzafika kuno m'dzina la mphatso. Mwa khumi, ena adzafika ali akufa kale. Tiwalandire, koma tiziwayesa pofika.

Nchifukwa chake ndikupempha a komiti za chitukuko za m'mawadi. Ndalama za CDF zinakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse, ndipo gawo lina ndi lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Mapempho amene ndimamva akuwerengedwa amakhala ogula: makompyuta akuti, maprinta akuti. Sindinamvepo lopempha multimeter, masikurudiraiva, benchi, ndi mnyamata kapena mtsikana mmodzi wokaphunzira kukonza makompyuta ku koleji ya pansi pa TEVETA n'kubwerera kumudzi. Mwina chifukwa benchi yachitsulo sioneka bwino pa chithunzi cha mwambo wopereka katundu.

Benchi sikonza kanthu. Motherboard ikapsa yapsa, ndipo zida zogula zili ku Chipata komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amene akupita ku tauni timamupatsa kapepala kolembedwa dzina la chinthu chimodzi, amabwera nacho m'chikwama madzulo, kompyuta osachoka pa tebulo. Pa sukulu ija patsala atatu odikira power supply, ndipo kapepala kawo kali kale m'manja mwa aphunzitsi amene akupita kukalandira malipiro kumapeto kwa mwezi. Amisiri aja ayamba kudula zitsulo za benchi yachiwiri. Akuti iyi aikapo chogwirira ndi timakoko tomangira pa keriyala ya njinga.