GALIMOTO YAING'ONO NDI DZUWA LA OKUTOBALA

Aliyense amene adayendako m'chigwa cha Shire m'mwezi wa Okutobala amadziwa kuti dzuwa la kumeneko silichita nthabwala. Ku Chikwawa, ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, ndipo mu Okutobala 2023 nthambi ya boma yoona za nyengo idachenjeza anthu kuti kutentha m'chigwachi kungathe kufika madigiri 44. Kunyanja nakonso, ku Mangochi, ku Salima ndi ku Karonga, nyengoyi imakhala yowawa chimodzimodzi.

Pa misewu ya madera amenewa pakuyenda magalimoto ang'onoang'ono ochuluka zedi: Vitz, Passo, Mira, Sienta ndi ena otero, amene ambiri a iwo adabwera atagwirapo kale ntchito ku Japan. Ambiri adafika ali ndi makina oziziritsa mpweya, koma mwa ena makinawo adafa kalekale ndipo eni ake alibe ndalama zowakonzetsera, pamene ena amawazimitsa dala pofuna kupulumutsa mafuta. Zimenezi n'zosachititsa manyazi. Chochititsa manyazi ndi maganizo amene afala pakati pa oyendetsa ena akuti popeza makinawo palibe, ndiye kuti palibenso chimene munthu angachite koma kungopirira. Maganizo amenewa ndi aulesi, ndipo mtengo wake ndi injini yakupsa, mwinanso moyo wa munthu.

Choyamba n'kumvetsa chimene chimatenthetsa galimoto. Kuwala kwa dzuwa kumadutsa pagalasi popanda choletsa, n'kukagwera pa dashibodi, pa chiwongolero ndi pa mipando. Zinthu zimenezi, makamaka zikakhala zakuda, zimamwa kutenthako ndi kuyamba kutenthetsa mpweya wa m'katimo, ndipo mpweyawo umasowa potulukira chifukwa mazenera ndi otseka. Akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America adachita kafukufuku amene adasindikizidwa m'chaka cha 2005, ndipo adapeza kuti m'galimoto yoyimikidwa padzuwa kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 22 pa ola limodzi, ndi kuti gawo lalikulu la kukwerako limachitika m'mphindi 30 zoyambirira. Adapezanso kuti kutsegula mazenera pang'ono chabe sikusintha kanthu kwenikweni. Tanthauzo lake n'lakuti galimoto yosiyidwa padzuwa ku Ngabu pa tsiku la madigiri 40 ingathe kupitirira madigiri 60 m'kati mwake mwini wake asanamalize zimene wapitira.

Popeza mdani amalowera pagalasi, nkhondo iyenera kuyambira pomwepo. Woyendetsa wanzeru amafunafuna mthunzi ngakhale utakhala patali ndi kumene akupita, pakuti kuyenda mapazi pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi kubwerera m'ng'anjo. Amakumbukiranso kuti mthunzi umayenda: mtengo umene waphimba galimoto pa 10 koloko m'mawa udzakhala utaisiya pamtetete pofika 1 koloko masana. Ngati mthunzi palibe, amayimika galimoto moti galasi lalikulu la kutsogolo lifulatire dzuwa, kenaka amaliphimba ndi chophimbira chonyezimira chimene chimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za magalimoto. Amene alibe ndalama ya chimenechi asadandaule, pakuti katoni yodulidwa bwino imathandiza ndithu, ndipo chitenje choyera choyalidwa pa chiwongolero ndi pa mipando chimapulumutsa manja ndi ntchafu.

Pobwerera, si bwino kungolowa n'kuliza injini. Atsegule zitseko zonse kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti mpweya wotentha utuluke. Akakhala pachangu, atsitse galasi la mbali imodzi, kenaka atsegule ndi kutseka chitseko cha mbali inayo kangapo monga mmene mayi amakupizira moto, ndipo mpweya woipawo udzakankhidwira kunja. Poyenda, magalasi a mbali zonse ziwiri akhale otsitsa kuti mphepo ilowe uku n'kutulukira uko. Fani ya m'kati, imene imagwira ntchito ngakhale makina oziziritsa atafa, aiike pokoka mpweya wa kunja, osati pozunguza womwewo wa m'katimo. Kansalu konyowa koyikidwa pakhosi kamaziziritsa thupi kwambiri m'nyengo youmayi chifukwa madzi ake amauma msanga. Botolo la madzi akumwa lisasowe m'galimoto, pakuti woyendetsa amene wataya thukuta lambiri amamva mutu, amasinza ndipo amachedwa kuponda mabuleki.

Koma chida chachikulu koposa zonsezi ndi wotchi. Kutentha kumafika pachimake dzuwa litapendeka pang'ono, cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana. Amene akuchokera ku Nsanje kupita ku Blantyre atanyamuka mbandakucha adzakwera mapiri kusanatenthe, pamene amene wagonereza n'kunyamuka dzuwa lili paliwombo wadzisankhira yekha mavuto. Makolo adati kalowa m'khutu kayanza malo, ndipo langizo limeneli silifuna ndi tambala yomwe.

Injini nayo imamva kutentha monga mwini wake. Msewu wa M1 ukawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, umayamba kukwera chitunda chokhotakhota kulowera ku Blantyre, ndipo galimoto imakwera mamita pafupifupi 900 pa mtunda waufupi. Pamenepa m'pamene pamaonekera amene amasamala galimoto yake ndi amene amangoikwera. Injini imazizira ndi madzi amene amazungulira m'kati mwake n'kukataya kutentha mu rediyeta, mothandizidwa ndi mphepo ndiponso fani. Madzi amenewa ayenera kuonedwa m'mawa uliwonse injini isanalire, pamodzi ndi oyilo, mapaipi, lamba ndi fani. Udzu, fumbi ndi tizilombo zimene zimamatirira kutsogolo kwa rediyeta zichotsedwe, chifukwa zimatsekereza mphepo.

Pali zizolowezi ziwiri zoipa zimene ziyenera kudzudzulidwa poyera. Choyamba ndi kuthira mu rediyeta madzi a pa mjigo. Madzi a mijigo yambiri ya m'chigwa cha Shire ndi amchere, ndipo mcherewo umaundana m'timipata ta rediyeta ndi kuchititsa dzimbiri mpaka madzi amalephera kuyenda. Choyenera ndi mankhwala ake a mu rediyeta osakanizidwa ndi madzi oyera monga mmene alembera pabotolo. Chachiwiri ndi kuchotsa thermostat, kumene amakaniko ena amalimbikitsa ponena kuti kachipangizoka adakapangira mayiko ozizira. Zimenezi si zoona. Ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha koyenera, cha m'ma madigiri 90, ndipo ikachotsedwa injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga, pamene vuto lenileni, kaya ndi rediyeta yotsekeka kapena fani yakufa, likadali pomwepo. Thermostat ikafa, mankhwala ake ndi kugula ina.

Muvi wosonyeza kutentha ukayamba kuyandikira pofiira, woyendetsa asalimbikire poganiza kuti pamwamba pa phiri payandikira. Atsegule magalasi onse ndi kuyatsa hita mwamphamvu, pakuti hitayo imatenga kutentha kwake m'madzi a injini, ndipo ngakhale okwera avutike kwa kanthawi, injini imapumako. Apeze malo abwino opatukira, ayime ndi kudikira kuti izizire. Chivindikiro cha rediyeta asachikhudze injini ili yotentha. Chivindikirocho chimapanikiza madzi kuti asawire ngakhale atapitirira madigiri 100, ndipo chikatsegulidwa mwadzidzidzi madzi owira amathovokera kumaso ndi m'manja. Theka la ola lodikira m'mbali mwa msewu silingafanane ndi miyezi imene galimoto imakhala kugalaja, kapena masabata amene munthu amagona m'chipatala ndi mabala a moto.

Eni magalimoto onyamula anthu ayenera kumva mawu awa mwapadera. Sienta idapangidwa kuti inyamule anthu osapitirira 7. Kulongamo anthu ochuluka kuposa pamenepo, kuwonjezeranso matumba a chimanga kumbuyo, n'kuikweza chitunda cha Chikwawa masana, ndiko kupha ng'ombe imene ikupereka mkaka. Matayala nawo amatentha ndi katundu wolemera, makamaka mpweya wake ukakhala wochepa, ndipo tayala lotentha ndi limene limaphulika. Mpweya wa matayala uyesedwe m'mawa akadali ozizira, ndipo asauphwetse pa ulendo poona kuti wakwera, popeza kukwerako n'kwachibadwa tayala likafunda.

Pomaliza pali nkhani imene ili yoposa injini, matayala ndi ndalama zonse pamodzi. Mwana asasiyidwe yekha m'galimoto yoyimikidwa, ngakhale kwa mphindi zochepa, ngakhale mazenera atatsegulidwa pang'ono. Thupi la mwana limatentha msanga kuwirikiza katatu mpaka kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo kutentha kwa thupi kukafika madigiri 40 moyo umakhala pachiswe. Kholo limanena kuti likungolowa m'sitolo kapena ku banki ndipo lituluka posachedwa, koma limakapeza mzere wautali, kapena limakumana ndi bwenzi n'kuyamba kucheza. Chakudza sichiyimba ng'oma. Mwana amene wagona pampando wa kumbuyo sangathe kutsegula chitseko, ndipo kulira kwake sikumveka kunja. Okalamba ndi odwala nawonso ali pangozi yomweyo. Mankhwala a kuchipatala, mafoni ndi zitini za mankhwala opopera zisasiyidwenso m'galimoto yotentha.

Udindo umenewu si wa makolo okha. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mlonda wa pa sitolo, wogulitsa malonda m'mbali mwa msewu kapena munthu wongodutsa akaona mwana ali yekha m'galimoto yotseka padzuwa, asanene kuti si zake. Afunefune mwini galimoto msangamsanga, aitane anthu ndi apolisi, ndipo mwanayo atulutsidwe mosataya nthawi. Ngati wafooka, wasokonezeka kapena wakomoka, amugoneke pamthunzi, amuvule zovala, amunyowetse thupi lonse ndi madzi ozizira uku akumukupizira mphepo, ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Alipo ena amene adzanena kuti zonsezi n'zovuta, ndi kuti njira yeniyeni ndi kugula galimoto yamakono yokhala ndi makina ogwira ntchito. Amene angathe kutero achite, palibe womuletsa. Koma ngakhale makina abwino kwambiri amaleka kuziziritsa injini ikangozimitsidwa, ndipo galimoto yamtengo wapatali yosiyidwa padzuwa imatentha chimodzimodzi ndi Mira yakale. Mthunzi, katoni, chitenje, madzi ndi kulawirira m'mawa ndi zinthu zimene wolemera ndi wosauka yemwe angathe kuzipeza. Galimoto yaing'ono ndi chuma cha banja chimene chidapezeka ndi thukuta la zaka zambiri, ndipo ndi imene imapititsa ana kusukulu, odwala kuchipatala ndi zokolola kumsika. Oyendetsa onse a m'chigwa cha Shire ndi a kunyanja akupemphedwa kuti chilimwe chino asamale magalimoto awo, ndipo koposa zonse asamale anthu amene awanyamula.