KHANSA YA M'MABERE: NTHENDA IMENE IMAKULA NDI KUCHEDWA

Wolemba Mtolankhani Wathu

Mwezi wa Okutobala chaka ndi chaka, anthu a m'maiko ambiri amavala kansalu ka pinki pachifuwa pokumbutsana za khansa ya m'mabere. Mwambowu unafikanso kuno kwathu, ndipo m'mizinda mumachitika maulendo a ndawala ndi misonkhano. Zonsezi nzabwino ndithu. Koma funso loyenera kudzifunsa nali: mweziwo ukatha, kodi mayi wa kumudzi amene wapeza chotupa m'bere lake amadziwa kolowera?

KUKULA KWA VUTOLI

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza kuti m'chaka cha 2022 amayi okwana 2.3 miliyoni anapezeka ndi nthendayi, ndipo 670,000 anamwalira nayo. M'Malawi muno khansa imene imapha amayi koposa ndi ya khomo la chiberekero, koma ya m'mabere nayonso ili m'gulu la zofala kwambiri. Bungwe lomwelo likuti m'maiko olemera amayi oposa 90 mwa 100 aliwonse amakhala akali moyo patapita zaka 5 chiwapezereni ndi nthendayi, pamene ku South Africa ndi 40 okha. Nthenda ndi yomweyo. Chosiyana ndi nthawi imene wodwala amafikira kwa dokotala, ndi chithandizo chimene amakachipeza kumeneko.

Pa chifukwa ichi, mu 2023 WHO inapatsa maiko miyeso itatu. Woyamba, odwala 60 mwa 100 azipezeka nthenda isanakule. Wachiwiri, pasamapitirire masiku 60 kuchokera tsiku limene mayi wafika ku chipatala kufikira pamene kupima konse kwatha. Wachitatu, odwala 80 mwa 100 azimaliza chithandizo chawo. Miyeso imeneyi ikuloza malo atatu pamene amayi athu amatayikira.

KUCHEDWA KWA PAKHOMO

Kawirikawiri chotupa cha khansa sichipweteka poyamba, ndipo apa ndi pamene pagona chinyengo chake. Mayi amati, "Poti sichikuwawa, ndiyambe ndakolola." Wina amachita manyazi kuvula pamaso pa dokotala wamwamuna, wina amaganiza kuti wamlodza, nataya miyezi kwa sing'anga. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Zizindikiro zake nzosavuta kuzikumbukira: chotupa cholimba m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere kulowa m'kati, magazi kutuluka kunsongako, khungu kuchita timaenje ngati khoko la lalanje, kapena chilonda chosapola. Zotupa zambiri za m'mabere si khansa ayi, koma palibe munthu angazisiyanitse ndi maso okha. Ufiti sudzetsa nthendayi, ngakhalenso kusunga ndalama pachifuwa. Zodziwika kuti zimaonjezera chiopsezo ndizo kukula msinkhu, mowa, kunenepa kopitirira ndi kukhala ndi abale amene anadwalapo. Kuyamwitsa kumachepetsako chiopsezocho. Abambo nawonso amadwala, ngakhale kuti ndi owerengeka.

KUCHEDWA KWA PANJIRA

Makina ojambula mabere ndi ochepa m'dziko muno, kotero chida chathu chachikulu ndicho manja a namwino wophunzitsidwa bwino. Mayi wobwera ku sikelo, ku kulera kapena kudzayezetsa khomo la chiberekero ali ndi ufulu wopempha kuti amupimenso mabere. Chotupa chikapezeka, madokotala amadulako kachinyama kakang'ono kuti akakaunike, ndipo nthawi zambiri izi zimafuna ulendo wopita ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena cha ku Zomba ndi ku Mzuzu. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene wabwezedwa kawiri kuti zotsatira sizinatuluke, ulendo wachitatu sabweranso, pakuti ndalama ya basi yatha. Masiku 60 aja amathera pamenepa.

KUSIYIRA PANJIRA

Chithandizo nchachitali: opaleshoni, mankhwala a m'mitsempha amene amafoola thupi ndi kuthothola tsitsi, kuotcha ndi makina, ndipo kwa ena mapiritsi a tamoxifen omwedwa zaka 5 kapena kuposerapo. Kwa zaka zambiri ofunika kuotcha ankatumizidwa kunja, monga ku India. Kutsegulidwa kwa chipatala cha khansa cha Boma ku Lilongwe mu 2025 ndi sitepe yaikulu yoyenera kuyamikiridwa. Komatu nyumba ndi makina sizingamuchiritse munthu amene wathawa opaleshoni poopa kuti mwamuna wake amuleka bere likachotsedwa. Mantha amenewa sathetsedwa ndi dokotala yekha, koma ndi banja, mpingo ndi mudzi.

UDINDO WATHU

Inu aphunzitsi ndi ogwira ntchito za Boma ndinu amene anthu amakufunsani akalandira kalata ya ku chipatala. Musangoiwerenga basi: funsani tsiku lobwerera, mulilembe, ndipo muwakumbutse. Mphunzitsi wamkulu apatse mlangizi wa za umoyo mpata wolankhula pa msonkhano wa makolo. Mkulu wa ofesi asaumire chilolezo kwa mayi wopita kukalandira mankhwala, ndipo asunge chinsinsi chake. Amayi a Mvano, a Dorika ndi a mabanki a m'mudzi, amene amasonkha msanga pa maliro, ayambe kusonkheranso ulendo wa ku chipatala munthu akali moyo. Mafumu adzudzule poyera mwamuna wothamangitsa mkazi wodwala.

Ndipo inu amayi owerenga tsamba lino, dziwani bwino maonekedwe a mabere anu. Mukaona chachilendo pitani ku chipatala sabata yomweyo, osadikira malipiro a mwezi kapena tchuthi cha sukulu. Boma lachita mbali yake pomanga chipatala. Kufikitsa wodwala pakhomo pake nthawi ikalipo ndi ntchito ya ife tonse.