Mwana wochitidwa nkhanza si pophunzirira ntchito

M'kalasi mwathu ndi ku hostel takhala tikukangana za layisensi ya ma social worker. Anzanga ambiri akuikana. Akuti zaka zinayi za digiri n'zokwanira, ngongole ya fizi ikutidikira, ntchito kulibe, ndiye wina abwerenso ndi mayeso ena, kaundula wina ndi chaka china chogwira ntchito pansi pa munthu? Ine ndili mbali inayo, ndipo chifukwa chake ndi zimene ndinachita ndekha kwathu ku Rumphi ndili chaka chachitatu.

Ndinapita ku atachimenti ya miyezi itatu ku bungwe lina loona za ana, lomwe sinditchula dzina. Sabata yachiwiri, abwana amene ankayenera kundiyang'anira anapita ku msonkhano wa masiku asanu, n'kundisiyira makiyi ndi kope lolembamo alendo. Lachiwiri m'mawa kunafika mayi wina ndi mtsikana wa zaka 13, mwana wa mng'ono wake. Anali atayenda wapansi kuyambira mbandakucha. Mayiyo anafotokoza m'Chitumbuka, motsitsa mawu, kuti bambo womupeza wa mtsikanayo anamuchita zachipongwe usiku wa Lamlungu. Ndinawauza kuti, "Amama, musadandaule, tiikonza nkhaniyi." Kenako ndinachita zimene ndinakula ndikuona akuluakulu akuchita pa milandu ya pamudzi: ndinaitanitsa banja lonse kuti Lachinayi tidzamve mbali zonse ziwiri. Tsikulo litafika, ndinamufunsa mwanayo mafunso pamaso pa munthu yemwe ankamunenayo. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anati palibe chimene chinachitika. Onse anabwerera kumudzi, ine n'kulemba m'kope kuti nkhani yatha mwamtendere.

Patapita miyezi ndinafotokozera nkhaniyi mayi wina amene wagwira ntchito ya zachisamaliro cha anthu zaka zambiri. Sanandikalipire. Anangondiwerengera zolakwa zanga pa zala. Mwanayo ankayenera kupita kuchipatala Lachiwiri lomwelo, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku kachilombo ka HIV amathandiza akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo pofika Lachinayi nthawiyo inali itadutsa. Nkhaniyo inali ya ku Victim Support Unit ya polisi, osati ya pabwalo la banja. Mwana safunsidwa pamaso pa womuganiziridwa. Ndipo sankayenera kubwerera kukagona m'nyumba imodzi ndi bamboyo. Pomaliza anati, "Mwana wanga, ukanakhala ndi woti umuimbire foni tsiku lija, zonsezi zinali za mphindi khumi."

Chopweteka n'chakuti za maola 72 ndinali nditaziphunzira, mayeso ake ndinakhoza. Koma kudziwa chinthu papepala n'kosiyana ndi kuchikumbukira pamene mayi akulira patsogolo pako, amalume akukuuza kuti usaphwasule banja, ndipo iwe uli ndi zaka 22 zokha. Atachimenti itatha, fomu yanga inasainidwa ndi malikisi apamwamba. Palibe anandifunsa za mtsikana uja. Azakhali ake analibe kokadandaula za ine. Ndikadzamaliza digiri, palibe lamulo lodzandiletsa kubwereza zomwezo kwa ana ena makumi asanu.

Taonani mmene ntchito zina zimadzitetezera m'dziko muno. Dokotala akamaliza sukulu amayamba wagwira ntchito pansi pa madokotala akuluakulu asanalembedwe mokwanira ndi Medical Council of Malawi. Namwino ndi mzamba amalemba mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi asanakhudze wodwala pa yekha. Womaliza digiri ya zamalamulo saloledwa kuimira munthu m'khoti asanavomerezedwe. Ngakhale aphunzitsi tsopano ali ndi Teachers Council of Malawi. Onsewa akalakwitsa kwambiri, chiphaso chimalandidwa. Koma dzina loti social worker aliyense akhoza kulitola: wa digiri, wa maphunziro a masabata awiri ku loji, ngakhale munthu amene wangopeza azungu omupatsa ndalama zotsegulira malo osungirako ana amasiye. Amene wachotsedwa pa bungwe lina chifukwa chochitira ana nkhanza akhoza kukwera minibasi pa Rumphi Boma, kutsika ku Karonga, n'kulembedwa ntchito yomweyo mwezi wotsatira, popeza palibe kaundula woti olemba ntchito akayang'anemo.

Chonsecho ntchitoyi ili ndi mphamvu zazikulu. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limalola ogwira ntchito za chisamaliro cha anthu kuchotsa mwana pamalo oopsa n'kumuika pamalo otetezeka. Malipoti awo ndi amene amathandiza bwalo la milandu la ana kugamula ngati mnyamata wolakwa abwerere kwa makolo kapena apite ku sukulu yosinthira khalidwe ngati ya ku Mpemba. Mawu awo amamveka pa nkhani zopereka mwana ku banja lina, pa nkhanza za m'banja pansi pa lamulo la 2006, ndi pa kuthetsa maukwati a ana kuyambira pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Munthu wokhala ndi mphamvu yolekanitsa mwana ndi mayi ake angagwire bwanji ntchito popanda womufunsa kuti wachita zimenezi chifukwa chiyani?

Sikuti ophunzira kulibe. Koleji ya Magomero ku Chiradzulu yakhala ikusula anthu a ntchitoyi kwa zaka zambiri. Catholic University ku Nguludi inayamba kupereka digiri ya social work itatsegulidwa mu 2006, kenako University of Malawi ku Zomba ndi masukulu ena anatsatira. Tilinso ndi bungwe la Association of Social Workers in Malawi, lomwe lakhala likupempha lamulo loyendetsa ntchitoyi. Koma bungwe la mamembala olowa mwakufuna kwawo silingalande munthu chiphaso chimene silinamupatse. Anansi athu anatisiya kale. Ku South Africa, kudzitcha social worker usanalembetse ku South African Council for Social Service Professions ndi mlandu. Zimbabwe ili ndi Council of Social Workers yokhazikitsidwa ndi lamulo. Ku England ali ndi Social Work England, komanso dongosolo loti ongomaliza kumene sukulu chaka chawo choyamba azipatsidwa milandu yochepa ndi munthu wowayang'anira. Ku America, wofuna kuthandiza yekha anthu a mavuto a m'maganizo amafunika digiri yachiwiri, mayeso, ndi maola pafupifupi 3,000 a ntchito yoyang'aniridwa m'madera ambiri, zimene zimatenga zaka zosachepera ziwiri.

Tsopano ndiyankhe anzanga aja, chifukwa mfundo zawo si zopanda mutu.

Oyamba akuti ogwira ntchito ndi ochepa kale, layisensi ingochepetsa ochepawo. N'zoona kuti ntchito yambiri ya kumidzi imagwiridwa ndi oteteza ana a m'madera, alezi a m'sukulu za mkombaphala ndi anthu ongodzipereka. Popanda iwo palibe chimene chingayende, ndipo lamulo lowathamangitsa lingakhale lopusa. Chofunika ndi kaundula wa magawo: wongodzipereka, wa satifiketi kapena dipuloma, wa digiri, ndi katswiri wa uphungu wa zam'maganizo, aliyense ndi malire a zimene angachite yekha ndi zimene ayenera kutumiza kwa wamkulu wake. Kuchipatala zili choncho kale. HSA amalemekezeka m'mudzi, koma sachita opaleshoni, ndipo palibe amaona kuti wanyozedwa.

Achiwiri akuti ntchitoyi ndi ya mtima, osati mapepala. Anzanga, ine mtima ndinali nawo. Ndinkafunadi kuthandiza banja lija, ndipo kufunitsitsa komweko n'kumene kunabwezera mwana m'manja mwa womuvulaza. Safunsa anadya phula, koma pa ntchito yathuyi wodya phulayo si ife, ndi mwana wa eni.

Achitatu akuti layisensi idzangokhala njira ina yotidyera ndalama ndi kutigwiritsa ntchito yaulere. Apa ndiye ndikugwirizana nawo kwambiri, ndipo m'pamene tiyenera kumenyera nkhondo. Tonse tikudziwa mmene "luso la zaka ziwiri" limagwiritsidwira ntchito pa zotsatsa ntchito: kutsekereza mwana wa mlimi wa fodya wa ku Hewe amene sangakhale chaka chathunthu ku Area 47 popanda malipiro, kwinaku likutsegulira khomo mwana amene makolo ake ali ndi nyumba mu Lilongwe. Lamulo likangonena kuti aliyense adzipezere yekha womuyang'anira ndi kulipira yekha, bola lisabwere. Koma pokana chaka chaulere tisakanire limodzi kuyang'aniridwa. Chaka chimenecho chikhale cholipidwa. Boma lili kale ndi pologalamu yotumiza omaliza maphunziro a ukachenjede m'maofesi ake n'kumawapatsa kangachepe pamwezi. Chovuta n'chiyani kupatula malo ena a pologalamuyo kuti akhale chaka choyang'aniridwa cha ma social worker, m'malo mowasiya akujambula mapepala pa fotokope? Mabungwe amene amalandira ndalama za ana kuchokera kunja nawonso akakamizidwe kuika ndalama ya woyang'anira m'bajeti, monga mmene amaikira ya mafuta a galimoto ndi maalawansi a misonkhano.

Achinayi akufunsa kuti oyang'anirawo achokera kuti ku boma ngati la Rumphi. Funso limeneli ndi lenileni. Boma lathu lili ndi anthu oposa 200,000 omwazikana kuyambira ku chigwa cha Nkhamanga, kudutsa ku Henga, kukwera mapiri a Phoka mpaka kutsikira kunyanja. Kuchoka pa Boma kupita ku Hewe nthawi ya mvula ndi ulendo wa tsiku. Kukwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba ndi msewu wa Golodi wokhotakhota uja. Midzi ya m'mbali mwa nyanja ngati Tcharo imafikika bwino ndi boti. Mavuto nawonso ndi osiyanasiyana: ana ogwira ntchito m'minda ya fodya, mabanja a m'migodi ya malasha ku Mchenga ndi Kaziwiziwi, atsikana a m'madoko a asodzi ku Chiweta ndi Mlowe. Lamulo lolembedwa ndi munthu woganizira Capital Hill yokha lidzafera pa mlatho wa Njakwa.

Koma kutalika kwa mitunda si chifukwa chosiyira wophunzira yekha, ndi chifukwa chokonzera bwino dongosolo. Sitikusowa maola 3,000 a ku America. Tikusowa zinthu zotheka: ola limodzi pa sabata lokambirana milandu ndi woyang'anira, pamaso kapena pa foni, tsiku limodzi pamwezi loti onse atsopano akumane pa Boma n'kutsegula mafayilo awo pamodzi, ndi lamulo losasinthika loti nkhani ya kugwiriridwa kwa mwana, ya wofuna kudzipha, kapena yochotsa mwana pakhomo isatsekedwe ndi wophunzira popanda siginecha ya wolembetsedwa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo alipo: ena akugwira ntchito m'maboma, ena anapuma ndipo ali ku Bolero ndi ku Mhuju akulima chimanga. Aphunzitsidwe kuyang'anira, alipidwe. Pa za matenda a m'maganizo, kumpoto kuno tili ndi mwayi wa St John of God ku Mzuzu, amene ali ndi chipatala komanso koleji yophunzitsa za umoyo wa m'maganizo ndi uphungu. Amene akufuna kudzatchedwa akatswiri a gawo limeneli angadutse kumeneko, osati kungosindikiza khadi lolembedwa "counsellor" atawerenga kabuku kamodzi.

Kuyang'anira kumene ndikunena sikusaina fomu pa tsiku lomaliza. Ndi munthu wodziwa ntchito kukhala nawe pansi n'kukufunsa: mwanayu wagona kuti usiku wathawu? Wamufunsa uli ndi ndani? Ku chipatala wapita? Nanga iweyo ukugona tulo? Funso lomalizali si lachibwana. Ntchitoyi imadya munthu mkati, ndipo wopanda womukhuthulira nkhawa amayamba kuuma mtima kapena kumwa.

Pali phindu linanso limene anzanga okana aja akuliiwala. Kaundula amateteza ifenso. Bwana kapena wandale akakuuza kuti ubise fayilo ya wachibale wake, umakhala ndi poimira: chiphaso changa chikhoza kulandidwa. Ndiponso ntchito imene aliyense angailowe ndi imene imalipidwa mochepa. Tikudandaula kuti mabungwe akulemba anthu osaphunzira ntchitoyi m'malo mwathu, koma tikukana chida chokhacho chimene chingawaletse.

Choncho nkhani ya bilu ikadzafika ku Nyumba ya Malamulo, kapena aphungu athu akabwera kumudzi, tisakangoomba m'manja, tisakangokananso. Tikafunse mafunso anayi. Kodi chaka choyang'aniridwa chidzakhala cholipidwa? Kodi ndalama yolembetsera idzakhala yoti wosagwira ntchito angaikwanitse? Kodi oyang'anira adzafika ku Katowo ndi ku Ntchenachena, kapena adzathera m'mizinda inayi? Kodi mayi wa kumudzi adzatha kudandaula m'Chitumbuka, osalipira kanthu, za wogwira ntchito amene wamulakwira? Pakadali pano, masukulu athu asadikire lamulo: asiye kutumiza ophunzira kumalo kumene kulibe munthu woyenera kuwayang'anira, ndipo aphunzitsi akabwera kudzatiyendera azitsegula mafayilo, osati kungowerenga masiku amene tinasaina.

Mtsikana uja sindinamuonenso. Kope lija mwina likadali pa shelefu, ndi zolemba zanga zoti nkhani inatha mwamtendere. Inu amene mukupita ku atachimenti chaka chino, tsiku loyamba funsani dzina ndi nambala ya munthu woti mumuimbire zikavuta. Akakuuzani kuti palibe, dziwitsani sukulu yanu tsiku lomwelo, ndipo musalandire makiyi.