Kodi Kanema Wosatsegula M'pulasitiki N'chuma?

M'mwezi wa June chaka cha 2022, kampani ya Heritage Auctions ya ku Dallas, m'dziko la America, idagulitsa pa okushoni kaseti imodzi ya kanema wotchedwa Back to the Future pa mtengo wa madola 75,000. Kasetiyo idali ya mtundu wa VHS, ndipo chiipangireni idali isanatsegulidwe m'pulasitiki wake. Mbiri yotere masiku ano siichedwa kufika m'mafoni a anyamata ndi atsikana a ku Chileka ndi ku Lirangwe. Tsono amene wangotsiriza Fomu 4 ndipo wapezako kandalama angathe kudzifunsa ngati kugula makanema apadera n'kuwasunga osatsegula ndiyo njira yabwino yosungira chuma. Funsoli lifunika kulilingalira mofatsa, pakuti ndalama ya wachinyamata ikatayika siibwerera msanga.

Poyamba nkofunika kudziwa chimene chidakweza mtengo wa kaseti ija. Kanemayo adatuluka m'chaka cha 1985, ndipo pafupifupi aliyense amene adagula kaseti yake adang'amba pulasitiki n'kuonera, motero zosatsegula zidatsala zowerengeka. Kuwonjezera apo, mwini wake wa kaseti imeneyi adali Tom Wilson, mmodzi mwa anthu amene adasewera m'kanemamo. Ogula nawonso adali anthu amene adaonera kanemayo ali ana, ndipo tsopano ndi achikulire okhala ndi ndalama zogulira chikumbutso cha ubwana wawo. Makanema apadera a masiku ano sali choncho ayi. Makampani amawakongoletsa dala m'mabokosi achitsulo podziwa kuti ogula ambiri akawasunga osatsegula. Chinthu chimene anthu zikwizikwi akusunga pa nthawi imodzi sichingasowe, ndipo chosasowa sichikwera mtengo.

Chachiwiri ndi chakuti katundu ameneyu amaonongeka ngakhale ali chitsekere. M'chaka cha 2025 kampani ya Warner Bros. idavomera kuti ma DVD ake ena amene adapangidwa pakati pa 2006 ndi 2008 adaonongeka okha, mwakuti akukana kuonetsa zithunzi. Amene adawasunga osatsegula sakadadziwa za vutoli, popeza kunja bokosi limaoneka bwinobwino. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuno kwathu vutoli ndi lalikulu koposa. Kutentha kwa mu October ku Lirangwe, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kumapinda pulasitiki, ndipo chinyontho cha m'dzinja chimameretsa nguwi pa tepi. Nawo makina oonerera akutha: kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe idali yotsiriza kupanga makina a VHS, idaleka ntchitoyo m'chaka cha 2016.

Chachitatu, chimene chili chachikulu pa zonse, ndi wogula. Pa misika ya Lunzu, Lirangwe ndi Chileka anthu amaukonda kanema, ndipo umboni wake ndi timanyumba toonetsera vidiyo tomwe takhala tikudzaza ndi ana kwa zaka zambiri. Koma anthuwa amalipira kuti aone nkhani, makamaka ikamasuliridwa m'Chichewa, ndipo lero ambiri amangoikitsa makanema m'foni pa mtengo wochepa. Bokosi lotsekedwa alibe nalo ntchito. Wogula weniweni ali kutsidya kwa nyanja, ndipo iyeyo satulutsa ndalama zambiri pokhapokha akatswiri a kumeneko atayesa katunduyo ndi kutsimikiza kuti pulasitiki wake ndi wa ku fakitale. Kutumiza, kuyesetsa ndi kugulitsa pa okushoni, zonsezi zimadya ndalama zakunja, zomwe m'dziko muno ndi zosowa.

Komabe pali mfundo ina imene siyenera kunyozedwa. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene adasunga ndalama zake m'bokosi kunyumba adangoona zikusungunuka. Nchifukwa chake munthu sangadzudzulidwe pofuna kuika ndalama zake pa chinthu chimene mtengo wake umawerengedwa m'madola. Vuto ndi lakuti mtengo wolembedwa pa intaneti si ndalama ya m'thumba. Fodya ndi amene ali pamphuno. Mbuzi yaikazi imaswa, ndipo tsiku limene fizi yafunika mwini wake amaikokera ku msika wa Lirangwe n'kubwerako ndi ndalama dzuwa lisanalowe. Kanema wotsekedwa saswa, sabereka chiwongoladzanja, ndipo pa tsiku la matenda kapena maliro sapezeka womugula.

Izi sizitanthauza kuti kusunga makanema n'kupanda nzeru. Anthu a ku Chileka akudziwa bwino phindu lake lenileni. M'chaka cha 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adajambula pa filimu anyamata awiri apachibale a m'derali, Daniel ndi Donald Kachamba, akuimba ndi gulu lawo. Daniel adamwalira m'chaka cha 1987 ndipo Donald mu 2001, koma chifukwa cha zojambulazo mdzukulu wa lero angathe kuona m'mene zala zawo zinkayendera pa gitala ndi pa chitoliro. Chuma chimenechi chidapulumuka chifukwa ena adachisamala, kuchikopera ndi kuchionetsa kwa anthu.

Apa ndi pamene pali ntchito ya aphunzitsi ndi ophunzira awo. Makanema a Shemu Joyah, monga Seasons of a Life wa 2008 ndi The Last Fishing Boat wa 2012, ayenera kupezeka m'nyumba zowerengera mabuku za sukulu zathu za sekondale, atagulidwa mwachilungamo kuti wopanga naye apindule. Nawo matepi a maukwati, makwaya ndi magule amene akuola m'masutikesi m'midzi ya kwa Kuntaja ndi kwa Lundu afunika kuwakopera pa kompyuta makina oonerera asanatheretu. Wofuna kuchulukitsa ndalama zake ayang'ane ku khola, kumunda kapena ku kabizinesi kamene akukadziwa. Wokonda kanema agule amene akumukonda, ang'ambe pulasitiki, aitane anzake aonere limodzi.