Wothamanga Wachikulire ndi Liwiro Limene Lidamuthawa

Munthu wa zaka 55 kapena 60 akayamba kudzuka m'mamawa ndi kumathamanga pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, anthu ambiri samudabwa. Amangoti mwina adokotala amuuza kuti achepetse thupi, kapena akuopa matenda a shuga. Koma munthu yemweyo akagula wotchi, nayamba kuwerenga mphindi ndi masekondi, namveka akunena kuti afuna kulowanso mpikisano monga ankachitira ali kusukulu, pamenepo anthu amayamba kupukusa mitu. Anzake amamuseka kumbali, akunyumba kwake amamudandaulira, ndipo ana ake amachita naye manyazi. Onsewa amagwirizana pa mfundo imodzi, yakuti liwiro ndi chuma cha achinyamata, ndipo wachikulire wolifunafuna akuyesa kubweza dzuwa limene lapendeka kale.

Mfundo imeneyi ili ndi choona chake, koma mbali yaikulu ndi yolakwa. Munthu wothamanga mongokonda, amene salandirapo malipiro, akamera imvi nafuna kunolanso liwiro lake, akuchita chanzeru kuposa mnzake amene amangodzikoka mtunda womwewo pa liwiro lomwelo chaka ndi chaka. Ngozi yomudikira ilipo ndithu, koma ili pamalo pena, osati pamene omusekawo akuloza.

Zimene ukalamba umalanda sizibisika. Mtima wa munthu uli ndi malire a kagundidwe kake, ndipo malirewo amatsika chaka chilichonse. Aphunzitsi a masewera akhala akugwiritsa ntchito samu yapafupi, yochotsa zaka za munthu pa 220: mnyamata wa zaka 20 mtima wake ungagunde ka 200 pa mphindi imodzi akamathamanga ndi mphamvu zonse, pamene bambo wa zaka 60 amalekeza cha pa 160. M'chaka cha 2001 akatswiri ena ku America adaikonza samuyi kuti ikhale 208 kuchotsapo zaka zochulukitsidwa ndi 0.7, ndipo mwa njira imeneyi bambo uja amapeza 166. Masamu onse awiri ndi ongoyerekeza, pakuti mitima ya anthu imasiyana, koma akunena chinthu chimodzi: magazi onyamula mpweya sangafikenso ku minofu mochuluka monga kale. Palibe mankhwala, chakudya kapena khama limene lingabweze kugunda kumene kwatayikako.

Nkhani ya minofu ndiyo ina. Mnofu uliwonse uli ndi timaulusi ta mitundu iwiri ikuluikulu. Tina timakoka pang'onopang'ono koma sititopa msanga, ndipo timeneti ndi timene munthu amalimira m'munda tsiku lonse. Tina ndi tamphamvu ndi tachangu koma timatopa m'kanthawi kochepa. Timeneti ndi timene munthu amadumphira ngalande kapena kuthawira ng'ombe yolusa. Ukalamba umayamba kudya timaulusi tachanguti, ndipo umatidya msanga koposa ngati mwini wake satigwiritsa ntchito. Ofufuza amene adayerekeza kathamangidwe ka achikulire ndi ka achinyamata adapeza kuti kuwirikiza kwa kuponda pansi sikusintha kwenikweni. Chimene chimafupika ndi mpata wa pakati pa phazi ndi phazi, chifukwa akatumba ndi akakolo sakankhanso nthaka mwamphamvu.

Tsono apa ndi pamene malangizo a anthu okoma mtima amasokeretsa. Akamati, “Bambo, mwakula, muzingothamanga pang'onopang'ono,” akumuuza kuti aleke kudzutsa timaulusi tomwe tija timene ukalamba ukulimbana nato. Kuthamanga pang'onopang'ono n'kwabwino kwa mtima, koma timaulusi tachangu kumatisiya tili mtulo. Ndipo timeneti si ta mpikisano wokha. Nkhalamba ikapunthwa pa mwala, chimene chimaipulumutsa kuti isagwe ndi kuthyoka chiuno ndiko kuponya mwendo kutsogolo msangamsanga. Kudzuka pa mphasa osagwira khoma, kukwera lole, kutsika malo oterera nthawi ya dzinja, zonsezi zimafuna mphamvu yachangu yomweyo. Wachikulire wosamala liwiro lake akusamala ufulu wodziyendera yekha akadzafika zaka 80.

Mbiri ya Wally Hayward wa ku South Africa imaonetsa bwino nkhaniyi. Mpikisano wa Comrades, umene udayamba m'chaka cha 1921, umachitika pakati pa mizinda ya Durban ndi Pietermaritzburg, mtunda wa makilomita pafupifupi 90 wodzaza ndi zitunda ndi zigwa. Hayward adaupambana koyamba mu 1930 ali ndi zaka 21. Padapita zaka 20 asanaulowenso, ndipo atabwerera adapambana mu 1950, 1951, 1953 ndi 1954. Mu 1953 adakhala munthu woyamba kuumaliza maola 6 asanakwane, pa maola 5 ndi mphindi 52. Kenaka akuluakulu a masewera adamuletsa kupikisana, ati chifukwa adalandira thandizo la ndalama pa ulendo wake wokathamanga ku England, motero sadalinso wothamanga mongokonda. Chiletsocho chidakhala kufikira 1974. Munthu wina akadataya nsapato zake kudzala. Koma mu 1988, ali ndi zaka 79, Hayward adaimanso pa mzere woyambira, namaliza pa maola 9, mphindi 44 ndi masekondi 15, atasiya m'mbuyo oposa theka la anzake, ambiri a iwo a msinkhu wa ana ndi adzukulu ake. Chaka chotsatira, ali ndi zaka 80, adafika patatsala mphindi zosakwana ziwiri kuti nthawi yololedwa ya maola 11 ithe. Palibe wamkulu kuposa pamenepo amene adamaliza Comrades kufikira 2023, pamene Johannes Mosehla wa ku Limpopo adaumaliza ali ndi zaka 81, pa maola 9 ndi mphindi 26.

Owerenga ayerekeze nthawi za Hayward ziwiri zija. Ngakhale kuti mu 1953 ankatsikira ku Durban ndipo mu 1988 ankakwera kuchokera kumeneko, kusiyana kwa maola pafupifupi 4 n'kwakukulu. Akadaima pa mzere uja ali ndi maola 5 ndi mphindi 52 m'mutu mwake, akadauona ulendo wa 1988 ngati chitonzo, mwinanso akadasiyira panjira.

Imeneyi ndiyo ngozi yeniyeni ya wothamanga wachikulire. Mutu wake umasunga liwiro la zaka 25 pamene miyendo yake ili ndi zaka 55. Amene ankamaliza makilomita 10 m'mphindi 36 amatuluka m'nyumba akufuna kuona nambala yomweyo pa wotchi, nathamanga mwamphamvu Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu, ndipo mwezi usanathe mtsempha wa kuchidendene watupa. Akachira amayesanso, navulalanso, mpaka atavomereza kuti omuseka aja ankanena zoona. Wina savulala, koma mtima wa mpikisano umangozirala. Wachinyamata amalimbikitsidwa ndi kupita patsogolo, pakuti mpikisano uliwonse ungamupatse nthawi yoposa ya kale. Wachikulire wotchi imamubweretsera mauthenga oipa okhaokha, ndipo palibe munthu amene amakonda kulipira ndalama yolembetsera kuti akamve kuti watsikanso.

Anthu a masewera adaliona vutoli kalekale. Mpikisano woyamba wa dziko lonse wa othamanga achikulire udachitikira ku Toronto, m'dziko la Canada, mu 1975, ndipo masiku ano opikisana amagawidwa m'magulu a zaka zisanuzisanu kuyambira pa 35. Nzeru yake ndi yapafupi: munthu wa zaka 59, amene wakhala akupitiriridwa ndi a zaka 55, amayembekezera mwachimwemwe tsiku lokwanitsa 60, pakuti adzakhala wamng'ono pa onse m'gulu latsopano. Palinso ndandanda zimene zimayerekeza nthawi ya munthu ndi nthawi yopambana pa dziko lonse ya anthu a msinkhu wake, nizimupatsa maperesenti. Mwa njira imeneyi mayi wa zaka 62 angathe kupeza kuti, ngakhale akuchedwa ndi mphindi zingapo kuyerekeza ndi kale, malikisi ake akwera. Ena amati uku n'kudzinamiza. Ngati kuli kudzinamiza, ndiye kuti mphunzitsi aliyense amadzinamiza, pakuti palibe amene amayesa mwana wa Sitandade 4 ndi mayeso a Fomu 2.

Ed Whitlock, amene adabadwira ku England mu 1931 nakakhazikika ku Canada monga injiniya wa migodi, ankathamanga ali pasukulu, nasiya kwa zaka zambiri, nayambanso atapitirira zaka 40. Mu 2003, ali ndi zaka 72, adakhala munthu woyamba wopitirira zaka 70 kumaliza marathoni, mtunda wa makilomita 42.195, maola 3 asanakwane. Chaka chotsatira adatsitsa nthawiyo kufika pa maola 2 ndi mphindi 54, ndiko kuti kilomita iliyonse m'mphindi 4 ndi masekondi 9. (Wophunzira wa Fomu 4 wodzitama ndi miyendo ayese makilomita awiri okha pa liwiro limeneli.) Mu 2016, ali ndi zaka 85, adamalizabe maola 4 asanakwane, ndipo adamwalira chaka chotsatira. Kakonzekeredwe kake kadali kodabwitsa: ankazungulirazungulira m'manda a m'tauni ya Milton pang'onopang'ono, nthawi zina kwa maola atatu, khalidwe limene ku Malawi likadamutengera kubwalo kwa amfumu. Liwiro ankalinolera pa mipikisano, imene ankalowa kawirikawiri. Maola atatuwo si a aliyense, koma kagawidwe kake n'koyenera kutengera: pang'onopang'ono masiku ambiri, mwamphamvu mwa apo ndi apo.

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolemera, ndiyo ya matenda a mtima, ndipo siyenera kunyozedwa. Jim Fixx wa ku America, amene buku lake la 1977 lidakopa anthu ambirimbiri kuti ayambe kuthamanga, adagwa namwalira akuthamanga pa msewu mu 1984, ali ndi zaka 52. Atamupima adapeza mitsempha ya mtima wake itatsekeka kwambiri. Bambo ake adamwalira ndi matenda a mtima ali ndi zaka 43, ndipo iye mwini adasuta fodya zaka zambiri asanayambe kuthamanga. Kuthamanga mwamphamvu kumaulula matenda obisika, nthawi zina mwankhanza. Choncho wachikulire asanayambe kunola liwiro apite kuchipatala akamuyeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo akanene poyera ngati kubanja kwawo kuli amene adafa mwadzidzidzi. Kupweteka kapena kulemera kwa pachifuwa, chizungulire, ndi phuma losagwirizana ndi ntchito imene akugwira, ndi zizindikiro zoti aime pomwepo ndi kukaonana ndi dokotala. Za mawondo zimene anthu amaopseza nazo zilibe mphamvu kwenikweni, pakuti kafukufuku wambiri sadapeze kuti othamanga mongokonda amadwala nyamakazi ya m'mawondo kuposa anthu ongokhala.

Kanoledwe ka liwiro sikafuna zida zodula. Bwalo la mpira ndi lalitali mamita pafupifupi 100. Akatenthetsa thupi pothamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 15 kapena 20, wothamanga adutse bwalolo kanayi kapena kasanu mofulumira koma osadzipha, mapewa ali omasuka, nabwerera choyenda kuti mpweya ukhazikike. Kawiri pa sabata n'kokwanira, ndipo apitirize motero mwezi wathunthu asanaonjeze china. Fulumira adadya gaga. Pambuyo pake apeze kachitunda ndi kumakakwera mwamphamvu kwa masekondi 10 okha, natsika choyenda. Tsiku lolimba likhale limodzi pa sabata, ndipo litsatidwe ndi masiku awiri opepuka, pakuti thupi limalimba pa nthawi yopuma, ndipo la wachikulire limachedwa kudzikonza. Kunjuta ndi kuimirira kangapo, komanso kuima ndi zala za kumapazi m'mphepete mwa khonde ndi kutsitsa chidendene pang'onopang'ono, kumalimbitsa malo omwe aja amene amayamba kufooka. Kenaka alembetse mpikisano waufupi, wa makilomita 5 kapena 10, wodzachitika pakatha miyezi itatu, ndipo auze mnzake mmodzi tsiku lake. Tsiku lolembedwa pa kalendala limatulutsa munthu m'bulangete m'mwezi wozizira wa June kuposa malangizo onse a kuchipatala.

Nkhaniyi ikukhudza aphunzitsi ndi omaliza sukulu kuposa mmene angaganizire. Othamanga ambiri amatayika ali ndi zaka 18 kapena 19, tsiku limene atuluka pachipata cha sukulu, chifukwa mpikisano wokha umene ankaudziwa udali wa kusukuluko, ndipo sadaonepo munthu wamkulu akupikisana mwaulemu. Pa tsiku la masewera, mpikisano wa makolo ndi aphunzitsi umakhala wongoseketsa anthu: abambo onenepa akugubuduzika m'fumbi, ana akufa nalo phwete. Sukulu ingathe kuchita zoposa pamenepo osawononga ndi tambala yemwe. Mphunzitsi wa masewera ayeze mtunda wa mamita 1,500 kapena 3,000, alengeze tsiku kudakali miyezi iwiri kuti ofuna akonzekere, agawe amayi ndi abambo m'magulu oyambira pa zaka 35, 45 ndi 55, ndipo alembe nthawi ya aliyense m'kope limene lidzasungidwe mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu. Chaka chamawa kopelo lidzatsegulidwe mpikisano usanayambe, mayina ndi nthawi zidzawerengedwe mokweza gulu ndi gulu, kuti wogaya chigayo wa zaka 58 adzamve nthawi imene ayenera kuigonjetsa asanalowe m'bwalo.