Kalata Yotseguka kwa Mtsogoleri wa Sinodi ya Nkhoma pa Nkhani ya Unsembe ndi Chakhumi

Lizulu, Ntcheu

Olemekezeka Abusa,

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo popeza nkhani ya chakhumi yafika posowetsa tulo akhristu ambiri kuno ku Lizulu ndi m'midzi yozungulira Mlanda, kumene Uthenga Wabwino wakhala ukulalikidwa chiyambire 1902, ndaona kuti n'koyenera kuti ine, ngakhale ndili munthu wamba wosadzozedwa, ndiombe m'manja pakhomo panu ndi kunena poyera zimene anthu akungonong'onezana m'njira pochokera ku mapemphero.

Pali chiphunzitso chimene chawanda masiku ano, pa wailesi, pa lamya za m'manja, ngakhalenso pamsika pathu pano m'mbali mwa msewu wa M1, chonena kuti mlaliki ndiye wansembe wa lero, wolowa m'malo mwa Aroni ndi ana a Levi, ndi kuti aliyense wosapereka kwa iye limodzi la magawo khumi wabera Mulungu, kotero kuti temberero la pa Malaki 3 lam'gwera iye ndi munda wake womwe. Sinditchula munthu kapena mpingo, pakuti chimene ndikulimbana nacho ndi chiphunzitsocho; koma nkhosa zanu zili ndi makutu, ndipo zikumva. Ndikudziwa mayi wina wamasiye, amene amayala tomato wake m'milu pa thumba long'ambika, kudikira magalimoto a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene anakongola feteleza mwa katapila kuti alime mbatata ya kachewere. Chiwawu chitaotcha mbatatayo, iye sanaganize za nkhungu ndi chinyezi cha kuno kumapiri ayi, koma anati Mulungu wam'kantha chifukwa cha ngongole ya chakhumi, nagulitsa mbuzi imene inam'tsalira kuti achotse tembererolo. Mtima wanga sunakhale m'malo chiyambire tsiku limenelo.

Makolo athu m'chikhulupiriro, motsogozedwa ndi Mbusa William Murray, anavutika zaka zambiri kuti Buku Lopatulika lituluke m'chinenero chathu mu 1922, n'cholinga choti ngakhale mlimi adziwerengere yekha. Ndipo ine powerenga ndapeza izi. Pa Numeri 18 chakhumi chinapatsidwa kwa Alevi pa chifukwa chodziwika, chakuti iwo okha mwa mafuko onse a Israeli sanalandire cholowa cha dziko, ndipo Aleviwo ankachotsanso chakhumi cha chakhumicho kupereka kwa ansembe. Pa Deuteronomo 14 mwini munda ankadya chakhumi chake pamaso pa Yehova pamodzi ndi a m'banja lake mokondwera, ndipo chaka chachitatu chilichonse chinkasungidwa m'mudzi momwemo kuti Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye abwere kudzadya nakhute. Apa ndi pamene ndikupempha kuti muimepo, Abusa. M'chilamulo cha Mose mkazi wamasiye anali wolandira chakhumi, koma lero ndiye amene akuopsezedwa nacho. Ndipo amene amakonda kutsegula Malaki 3 amalumpha mutu woyamba ndi wachiwiri, m'mene mneneriyo akudzudzula ansembe enieniwo chifukwa cholandira nyama zakhungu ndi zopunduka pa guwa, ndi kukhumudwitsa anthu ambiri ndi chiphunzitso chawo. Amaiwalanso kuti pa Nehemiya 13 amene anasandutsa chipinda chosungiramo chakhumi kukhala nyumba ya Tobiya anali Eliyasibu, wansembe, kufikira Alevi anathawira kuminda yawo ndi njala.

Koma chachikulu koposa n'chakuti unsembe umene chakhumi chinkadyetsa unatha ntchito yake. Kalata ya kwa Ahebri, mutu 7, itakumbutsa za Abrahamu amene anapereka chakhumi cha zofunkha za kunkhondo kwa Melikizedeke, ikuphunzitsa momveka kuti unsembe utasinthika, lamulo lakenso linayenera kusinthika, ndi kuti Mkulu wa Ansembe wathu anachokera ku fuko la Yuda, limene silinatumikirepo pa guwa. Petro nayenso, m'kalata yake yoyamba, akuika ulemu wa unsembe pa okhulupirira onse, kuphatikizapo mayi wa tomato uja. Kachisi wa ku Yerusalemu anagwetsedwa ndi Aroma mu chaka cha 70, ndipo panapita zaka mazana asanu msonkhano wa mabishopu wa ku Mâcon usanalamule, mu 585, kuti wokana chakhumi achotsedwe mumpingo. Mfumu Charlemagne ndiyo inadzachisandutsa lamulo la boma mu 779. Ife a mpingo wokonzedwa, amene timakumbukira kuti Martin Luther mu 1520 anaimirira pa choonadi chakuti akhristu onse obatizidwa ndi ansembe, ndi amene katekisma wathu mizu yake ili ku Heidelberg mu 1563, sitiyenera kukhala chete pamene ana athu akubwezeredwa kugoli limene atumwi sanawasenzetse.

Musandimve ngati ndikuti mbusa agone ndi njala, kutalitali. Paulo yemweyo amene ankasoka mahema ku Korinto analemba pa 1 Akorinto 9 kuti wolalikira Uthenga adye za Uthengawo, ndipo mpingo umene mbusa wake amayenda wapansi kumaliro akutali, denga la nyumba yake likudontha, pamene akhristu ake akutumiza matumba a kachewere kumizinda, uyenera kuchita manyazi. Kupatsa n'kuika, ndipo amene wasankha yekha mumtima mwake kupereka chakhumi, kapena kupitirirapo, wachita bwino ndithu. Ndaona ndi maso anga pa tsiku la masika amayi a Chigwirizano akulowa ndi malichero a nyemba pamutu, abambo atasenza matumba a chimanga, kamwana katakumbatira dzungu loposa msinkhu wake, onse akuimba, popanda wowaopseza. Kumeneko ndiko kupereka kumene Paulo akukuyamikira pa 2 Akorinto 8 ndi 9, kwa munthu aliyense monga momwe wapezera ndi monga momwe watsimikizira yekha. Chopereka chotuluka ndi mantha chingadzaze mbale, koma chimam'phunzitsa woperekayo kuti Mulungu ndi wakatapila, ndipo bodza limeneli likazika mizu mumtima silizuka msanga.

Pempho langa tsono ndi ili, kuti Sinodi ilembe kalata ya ubusa, m'Chichewa chomveka kwa agogo ndi kwa ana a kalasi omwe, yoti iwerengedwe m'mipingo yonse ndi m'nyumba zonse za mapemphero, yofotokoza kuti mbusa ndi mtumiki wa Mawu ndi masakramenti, kuti palibe mkhalapakati wina pakati pa Mulungu ndi munthu koma Khristu yekha, ndi kuti chiwawu, matenda kapena imfa ya mwana si chilango cha chakhumi chosaperekedwa. Kalata yomweyo ilimbikitse mabwalo a mipingo kupatula gawo lodziwika la masika kuti likhale la amasiye, okalamba ndi alendo, pakuti kuno ku Lizulu mlendo sitichita kukam'funa kutali, abale athu a ku Angónia tangosiyana nawo msewu. Ndipo madikoni aziwerengera mpingo poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka, chifukwa munthu akaona kumene thumba lake lapita, chaka chamawa amabweretsa awiri wosauzidwa.

Mawu anu amafika kumene mawu anga sangafike. Ndikupemphani modzichepetsa kuti nkhani imeneyi muitengere ku msonkhano wa Sinodi, ndi kuti yankho lake litifike masika akubwerawa asanakwane.

Ine wanu mwa Ambuye,
Mkhristu wa ku Lizulu