Agogo oiwalaiwala tipite nawo kuchipatala, osati kubwalo

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga pa tsamba lanu lino kuti ndilankhule ndi anzanga a m'midzi, makamaka abusa, ansembe, mashehe ndi akulu a mipingo, pa nkhani ya makolo athu amene nzeru zikuwathawa muukalamba. Matendawa madokotala amawatchula kuti dementia. Ife kuno timangoti agogo abwerera ku umwana, ndipo tikatopa nawo timawapatsa dzina lina loopsa lija lakuti mfiti.

Aliyense wa ife akudziwa m'mene zimayambira. Agogo aiwala kuti adya kale nsima, nadandaula kwa alendo kuti apongozi akuwamana chakudya. Abisa ndalama pansi pa mphasa, m'mawa mwake ati mdzukulu waba. Aitana mwana wawo ndi dzina la mlongo wawo amene tidaika m'manda kalekale. Kenaka tsiku lina atuluka usiku kukataya madzi, asokera, ndipo kukacha apezeka pakhomo pa eni ake kapena kumanda, mwina osavala bwino. Pamenepo mudzi wagamula kale kuti agwa m'ndege ya ufiti. Mukawafunsa mokalipa ngati ndiwo adadya mwana wa uje, avomera, pakuti munthu wotere amavomera chiri chonse. Kuno kwathu vutoli liri pawiri, chifukwa kuchokera ku Biriwiri kulowera ku Lizulu msewu wa M1 umayenda m'malire. Agogo akangowoloka tala ali kale ku Mozambique, pakati pa anthu osawadziwa.

Zimene khamu la anthu limachita ndi nkhalamba yoganiziridwa tidaziona kwa anansi athu a ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi a m'mudzi wa Chimbalanga, kwa T/A Dambe, adaphedwa tsiku limodzi mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Komatu lamulo la za ufiti la 1911 limanena poyera kuti kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idawonjezanso lamulo loteteza okalamba. Malamulo alipo. Chimene chikusowa m'mudzi ndi kudziwa kuti pali nthenda, ndiponso kuti nthendayo ili m'bongo, malo amene munthu angathe kuwapima.

Nthendayi si yachilendo. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adafotokoza mtundu umodzi wa matendawa mu 1906 atayang'ana bongo wa mayi wina amene adamwalira nawo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo oposa theka a iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Azungu nawonso agogo awo amasokera usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amathamangira nawo kuchipatala.

Mtundu wina umene uyenera kutikhudza kwambiri ife ndi wobwera chifukwa cha mitsempha ya magazi. Munthu akakhala zaka zambiri ndi BP kapena shuga osamwa mankhwala, timitsempha tam'bongo timauma ndi kutsekeka, ndipo mbali zina za bongo zimafa pang'onopang'ono monga chimanga chakumapeto kwa dimba kumene madzi safika. Apa ndi pamene makina a sikani angathandize.

Amayi onse akuidziwa sikani, ija amaona nayo mwana m'mimba akapita ku sikelo. Makinawa amatumiza mau aang'ono kwambiri amene khutu silimva, namvetsera m'mene mauwo akubwerera, monga achitira mleme pouluka mumdima. Mu 1982 katswiri wa ku Norway, Rune Aaslid, ndi anzake adaonetsa kuti mau omwewa angathe kulowa m'mutu kudzera pakati pa diso ndi khutu, pamene fupa liri lopyapyala, ndi kuyeza liwiro la magazi m'mitsempha ikuluikulu ya bongo. Kuti mumvetse, imani pamsewu mumvere lole yochokera ku Ntcheu. Ikamabwera kulira kwake kumakhala kwina, ikangokudutsani kumatsika. Kusintha kotero ndi kumene makinawa amawerenga pa magazi oyenda. Palibe kubaya, palibe kung'amba, ndipo makina ake munthu atha kunyamula m'manja. Kuno ku Malawi madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre adaigwiritsapo kale ntchito njirayi pofufuza ana odwala malungo a m'bongo. Ofufuza a maiko ena apeza kuti mwa anthu ambiri a dementia magazi amayenda mochedwa m'mitsempha imeneyi kusiyana ndi anzawo a msinkhu womwewo.

Tsono ndisakunamizeni, monga amachitira ena ogulitsa mankhwala m'misika, kuti makinawa akangokhudza mutu ndiye kuti zonse zadziwika. Ayi. Sikani ya mtundu uwu siitchula yokha dzina la nthenda. Imangopereka umboni umodzi, ndipo mwa okalamba ena, makamaka amayi, fupa limakhala lokhuthala mwakuti mau aja salowa n'komwe. Chithunzi chenicheni cha bongo chimatuluka pa makina aakulu a CT kapena MRI, onga amene adafika ku Queen Elizabeth mu 2008. Koma ndani wa ku Tsangano angakweze agogo osokonezeka pa minibasi mpaka ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndi mitengo ya masiku ano? N'chifukwa chake kachipangizo konyamulika kali ndi phindu kwa ife. Kangathandize dokotala wa paboma kusankha amene ayeneradi kutumizidwa kutali.

Ndipo kupima kumayamba makina asanayatsidwe. Dokotala amafunsa achibale m'mene zidayambira, amafunsa wodwala mafunso osavuta onga a Sitandade 1, akuti lero n'lachingati, tiri kuti, tchulani zinthu zitatu ndakuuzani zija. Amayeza BP ndi magazi. Apa pali nkhani yabwino imene ambiri saidziwa: zina zosokoneza mutu wa wokalamba zimachizika. Chindoko chakale, kachirombo ka HIV, kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, kachasu, ngakhale magazi oundana m'mutu munthu atagwa pa njinga, zonsezi zimaoneka ngati dementia. Nthenda ya Alzheimer yeniyeniyo ilibe mankhwala oithetsa, koma BP ikagwidwa msanga, kuonongeka kwa mitsempha kumachepa.

Ine ndidagwira ntchito ya uphunzitsi mpaka kupuma ndiri mphunzitsi wamkulu, ndipo ndikudziwa mphamvu ya pepala lodindidwa. Kholo limene limakana mau a aphunzitsi limakhala chete likaona lipoti. Chimodzimodzinso, mzere umodzi wolembedwa ndi dokotala m'kabuku ka kuchipatala, wakuti mayi awa ali ndi matenda a bongo, ungathe kuimitsa mlandu pabwalo la anyakwawa. Chithunzi cha sikani chikakhalapo, ndiye bwino koposa, pakuti anthu athu amakhulupirira chimene aona ndi maso.

Kwa inu atsogoleri a mipingo, nkhani zotere zimafika kwa inu zisanafike kupolisi. Banja likabwera kuti mudzapempherere agogo amene akuti avomera ufiti, pitani ndithu mukapemphere, koma osalandira chivomerezo cha munthu amene sakudziwa ngakhale dzina la mwana wake. Funsani ngati adapita nawo kuchipatala. Amayi a Mvano ndi a m'miphakati, amene amayendera odwala kale, angathe kusinthana kukhala ndi agogo otere kuti wowasamala apumeko, chifukwa nthawi zambiri chinenezo chimayambira pa kutopa kwa m'nyumba momwemo.

Ku Unduna wa Zaumoyo pempho langa ndi ili: pachipatala cha boma cha Ntcheu pakhale tsiku limodzi pamwezi la okalamba, monga liripo la sikelo ya ana, ndipo mmodzi mwa ogwira sikani aphunzitsidwe kupima mitsempha ya m'mutu. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi mwathu apatsidwe makina oyezera BP ndi mabatire ake, ayambe ndi aliyense wopitirira zaka 60.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Biriwiri, Ntcheu.